Bondo la Ababa ndi Mafoni Awiri

Chaka chimene njinga yamoto inawagunda Ababa pafupi ndi depoti, sitolo yathu ya nsalu inatsala m'manja mwanga. Atachira opaleshoni ya bondo, kuyenda ankayenda ndithu. Chimene chinkawadya mtima n'kuswali atakhala pampando wapulasitiki kumbuyo kwa mzikiti, munthu woti chiyambire unyamata wake ku Mangochi malo ake anali mzere wakutsogolo.

Chilolezo chogwada chinali m'manja mwa mayi wina wa mafizo kuchipatala, uja wolimbitsa ziwalo za ovulala, Mtumbuka wamfupi, wodekha mochita kukwiyitsa. Ine ndine waphuma, ndipo tsiku loyamba ndinatsala pang'ono kufunsa ngati tabwera kudzayeza bondo kapena kudzasoketsa diresi la ukwati. Ankafufuza fupa ndi chala, kuika kadontho ka inki, kufufuta, kuikanso. Akatero ankamata timipira tonyezimira pamadonthopo, n'kuimika mafoni awiri, ina kumbali, ina kutsogolo, kuti ajambule mwendo ukupindika. "Khungu limasuntha," ankatero, "ine ndikufuna fupa."

Ababa nawo, nzeru za pamsika! Anatulukira kuti akalozetsa phazi kunja n'kupendeketsa chiuno, bondo limaoneka ngati lapindika kwambiri. Ine ndinaona, koma sindinawaulule, chifukwa ndinkafuna apambane. Mayi aja anayang'ana foni yakumbali n'kuti, "Makora chomene, adada." Atayang'ana yakutsogolo anaseka.

"Koma apa mwandibera. Bondo si chitseko chongotseguka ndi kutseka ayi. Limapindika, limapotoka, limapendekeranso m'mbali. Lanuli likupotoka. Mukaligwadira chonchi, tikakumananso ku fiyeta, pa opaleshoni ina."

Tinakwera minibasi yobwerera kwathu ku Msongwe. Njira yonse ine ndinawanena mayiwo, mpaka kondakitala anandifunsa ngati ndalimbana ndi apongozi. Koma mumtima ndinkawagomera. Mwezi ndi mwezi tinkabwerera, Ababa akuchonderera ndi maso, mayiwo osawonjezera ngakhale pang'ono pa zomwe apeza kuti atisangalatse. Mayi ameneyo ndimamulemekeza mpaka lero.

Tsiku lina m'nyengo yozizira mayi aja anayeza monga mwa masiku onse. Anachotsa timipira tonse, nafufuta madontho, n'kuitana mnzawo wa pantchito kuti ayambirenso yekha, osamuuza chilichonse. Zimene anapeza awiriwo zinafanana. Pamenepo mayi aja anayala nsalu yoyera pansi.

"Yesani, adada. Pang'onopang'ono."

Ababa anatsika, manja kaye, kenako maondo, mpaka mphumi inakhudza pansi. Anakhala pomwepo nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti bondo lakanirira, ndipo ndinalumpha kuti ndiwadzutse. Mayi aja anandigwira mkono.

"Alekeni, achemwali," ananong'ona. "Kuyesa kwatha kale. Apa akupemphera."