Pulofesa pa Ngolo ku Mitundu

Chaka changa chachiwiri kuyunivesite, phunziro la zachuma ankatiphunzitsa ndi a pulofesa ena ake, afupi, adazi, odziwika dziko lonse. Anali atalemba mabuku onena za mitengo ya mbewu za alimi ang'onoang'ono, ndipo akamalankhula pawailesi, bambo anga ankatontholetsa nyumba yonse. Ine ndinkawaopa moti ndinkakhala mpando wakumbuyo.

Tsiku lina anafunsa kuti, "Ndani pano kwawo kuli msika waukulu?"

Mnzanga anandikweza mkono mokakamiza. Ndinayankha kuti, "Ku Mitundu, a Pulofesa."

"Basi, Loweruka kalasi tikachitira kwanu."

Ndinaimbira amayi foni. Iwo anauza azakhali, azakhali anauza amayi a kumpingo, ndipo pamene basi yathu inkafika, mudzi wathu wonse unali pamsika, anthu atatchena ngati kuli ukwati. Amayi anagwada powapatsa moni. A pulofesa nawo anagwada pafumbi pomwepo, ali mu suti. Amayi anatsikirako pansi, iwo n'kutsikiranso. Anthu anafa nazo zoseka.

Tinazungulira msika tikucheza ndi ogulitsa. Kenako inatulukira lole yochokera ku Nathenje itadzaza tomato. Madengu asanathe n'kutsitsidwa komwe, ogulitsa anayamba kukuza milu yawo, uyu akukuwa basera, uyo akukuwa basera wamkulu.

A pulofesa anavula jekete. "Mwaona? Mwaona! Zija ndimajambula pabolodi zija, lero zikuyenda ndi miyendo!"

Poti anali afupi, anakwera pangolo imene inaima chapafupi kuti tonse tiwaone. Anayamba kufotokoza chifukwa chimene mtengo umagwera katundu akachuluka, komanso chifukwa chimene mlimi wogulitsa mtedza wonse nthawi yokolola amadzalirira nthawi ya mvula, mtengo utakwera. Alimi anatiunjirira. Mkulu wina anakuwa, "Nenani zimenezo, bwana!" Anthu anawomba m'manja, amayi ena anaimba nthungululu. Ng'ombe za pangolo zija zinadzidzimuka n'kuuyamba ulendo.

A pulofesa osasiya. Dzanja limodzi linagwira m'mbali mwa ngolo, linalo likuphunzitsabe m'mwamba. "Nditsateni, sindinamalize!"

Tinaliyatsa liwiro tonse, ophunzira, alimi, mwini ngolo akukalipira ng'ombe zake, ine nsapato m'manja, misozi ya chiseko ili chuchuchu. Ng'ombezo zinakaima zokha pachigayo pomwe zinazolowera. Phunziro linathera pamenepo, tonse tili wefuwefu, zovala za a pulofesa zitayera ndi ufa.

Masana tinakamwa thobwa ndi kudya mbatata kwathu. A pulofesa anakhala pamphasa ndi bambo, n'kuyamba mtsutso. Ankati alimi azisungira limodzi mtedza wawo mpaka mtengo utakwera. Bambo ankati anthu sakhulupirirana.

"Yambani ndi amene mumabwerekana nawo khasu, achimwene," anatero a pulofesa.

Bambo anakula mtima pomva akutchedwa achimwene, moti chaka chotsatira anayesadi ndi anzawo ochepa. Gululo lilipobe.

A pulofesa anamwalira nditayamba kale kuphunzitsa pasekondale ina ku Nathenje. Kumaliro kwawo tinakumana ambiri amene tinadutsa m'manja mwawo, ena a kubanki, ena a m'maofesi a boma, ena aphunzitsi ngati ine. Aliyense anali ndi nkhani yake. Kalasi ina anakaiphunzitsira kogulitsira fodya, ina anaiyendetsa pansi mpaka kwa owotcha makala kufupi ndi Dzalanyama. Tinaseka pansi pa mtengo mpaka mkulu wa mpingo anabwera kudzatikumbutsa kuti tili pamaliro. Atatha kutidzudzula, anakoka mpando, n'kuyamba kufotokoza yake.