Makungwa Ochokera ku Joni

Fungo la sinamoni limandibwezera kumudzi kwathu, kumapiri a ku Ntcheu, m'nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Dzina lakelo sindinkalidziwa nthawi imeneyo, ndipo mumpanda mwathu munalibe wolitchula. Linatuluka m'kachitini kofiira kamene azakhali anatsegula pakhonde, n'kusakanikirana ndi utsi wa zitsononkho ndi fungo la ndowe za m'khola la ng'ombe. Linali fungo lokoma, lofunda, losafanana ndi chilichonse cha kwathu. Koma mpaka lero ndikalimva, mtima umayamba wagunda kaye.

Abambo anali atatha zaka zitatu ku Joni, kumene anapita kukagwira ntchito m'migodi. M'nyumba anatisiya atatu: amayi, ine ndi Kapitawo. Kapitawo anali chinkhwe chobiriwira, cha mutu wotuwa ndi nthenga zachikasu kunsi kwa mapiko. Abambo anamutenga ali mwana m'mphako ya mtengo ku Bwanje, n'kumulukira kakhola ka nsungwi. Anamutcha dzinalo chifukwa ankakalipira aliyense wochedwa kudzuka. Kulankhula sankatha, koma mluzu wa abambo ankauimba osaphonya. Anali wamwano ndithu, woluma aliyense, ngakhale amayi. Munthu yekhayo amene ankamudyera m'manja ndinali ine, ndipo ndinkanyada nazo kwambiri.

Amayi kwawo kunali ku Bwanje komweko, ndipo abambo anawalowola ndi ng'ombe. Kwathu mkazi wolowoledwa amakhala kwa mwamuna, ana nawonso amakhala akuchimuna. Choncho tinkakhala mumpanda umodzi ndi azakhali, aNangozo, mlongo wawo wamkulu wa abambo. Anali mayi wakhama, wolima mbatatesi zosiririka, koma maso awo sankapuma. Tsiku lina anaona mphunzitsi wa pasukulu yathu akuwasenzetsa amayi mtolo wa nkhuni umene unagwa pachitunda, amayi n'kuseka pothokoza. Basi, inasanduka nkhani. Azakhali analembetsa kalata yopita ku Joni, ndipo anaonetsetsa kuti amayi adziwe kuti yapita.

Patatha miyezi iwiri, bambo wina wa ku Kandeu wochokera ku Joni anatitulira phukusi. Munali bulangete, deresi yanga ndi kachitini kaja, koma kalata munalibe. Iye anati anangolandira phukusilo pasiteshoni kwa mnzawo wa abambo, za m'katimo sankazidziwa. M'chitinimo munali timakungwa khumi tofiirira, topindika ngati ndudu. Azakhali ananunkhiza kamodzi, n'kuwayang'ana amayi.

"Alamu, yankho la kalata yanga ndi ili. Mwamuna satumiza makungwa popanda chifukwa."

Kale munthu akamaganiziridwa zoipa ankamumwetsa mwabvi, madzi a khungwa lakupha. Wosalakwa ankasanza, wolakwa ankafa. Boma linali litaletsa, mpingo nawonso unkadzudzula, koma ena ankachitabe mobisa pomwetsa nkhuku m'malo mwa munthu. Azakhali anatsimikiza kuti uwu unali mwabvi wa ku Joni. Nkhuku zathu zinali zitatha ndi chitopa, ndiye anati Kapitawo ndiye woyenera, popeza ankagona m'nyumba mwathu ndipo anaona zonse. Anagamula kuti azidya khungwa limodzi pa tsiku mpaka onse khumi athe, ndi timapira tochepa madzulo okha kuti mankhwala agwire. Akafa, amayi abwerere ku Bwanje okha, ine nditsale. Ananena zimenezi ine ndili pomwepo, ngati kuti mwana alibe makutu.

Kuti nkhani isamveke kuboma kapena kumpingo, anatseka khomo la mpanda ndi mpiringidzo. Kusukulu anakanena kuti ndikudwala chifuwa. Amayi sanaloledwe kupita kuchitsime, kudimba kapena kutchalitchi. Madzi ankatitungira ana a azakhali. Dziko lathu lonse linangotsala nyumba ziwiri, nkhokwe, khola ndi mtengo wa mapichesi umene unali utayoyola masamba. M'mawa nkhungu inkatsika m'phiri n'kuphimba ngakhale nsonga ya mpanda. Ndinkamva chitsulo cha kusukulu chikulira, ndinkamva amayi ena akuitanana popita kudimba, mawu awo n'kumazimirira kutsetse. Amayi ankapeta nyemba zopetapeta kale. Nyumba anaizira kawiri m'sabata imodzi, ndipo dothi lonyowalo linawonjezera kuzizira. Mapazi anga anang'ambika, milomo inauma, ndipo ndinkangozungulira nkhokwe ngati mbuzi yapachingwe.

Choipitsitsa chinali chakuti wopereka khungwalo ndinali ine. Azakhali atayesa, Kapitawo anawaluma chala mpaka magazi. Tsiku loyamba ndinamupatsira khungwa pampata wa nsungwi za kakhola kake. Iye analilandira ndi phazi, n'kulitembenuza, n'kuyamba kulisenda ndi mlomo mosangalala ngati wapeza chimanga chachiwisi. Ndinafuna kumukalipira kuti chitsiru iwe, lavula. Koma azakhali anali atakhala pamphasa kumbuyo kwanga.

Tsiku lachiwiri ndinatola kanyenyeswa kamene kanagwa pansi pa khola la Kapitawo, n'kukadyera kuseri kwa nkhokwe. Ndinkati ngati n'kufa, ndiyambe ndine. Kanali kotsekemera pang'ono, koyabwa palilime. Ndinakhala pamenepo kudikira imfa mpaka mthunzi unasuntha, koma sinabwere. Ndinathamangira kwa azakhali kukawauza kuti makungwawo si akupha. Sanadabwe n'komwe. Anati n'zoona, mwabvi sugwira wosalakwa, ndipo uwu ndi umboni wakuti mankhwalawo ndi enieni. Apo ndinadziwa kuti kulibe kothawira. Chilichonse chimene chikanachitika, azakhali anali ndi yankho lake.

Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi kunagwa chiperoni, kamvula kowaza kosaleka ndi mphepo yolowa m'mafupa. Kapitawo sanakalipire aliyense m'mawa umenewo. Anafufumitsa nthenga, anatseka maso, ndipo zitosi zake zinali zamadzi. Azakhali anasendeza mphasa yawo pafupi ndi khola lake n'kumangogwedeza mutu. Amayi sanalire. Anatenga nsalu zawo ziwiri n'kuzichapa, anatsuka mtsuko umene anabwera nawo pokwatiwa, n'kuuika pafupi ndi chitseko. Mtsuko umenewo unandiopsa kuposa mawu onse a azakhali. Ndinawada abambo tsiku limenelo, ndinawada ndi mtima wanga wonse, ndipo bulangete lawo ndinakana kufunda.

Ndinayamba kuba. Azakhali akapita kukhola kukaona ana a ng'ombe, ndinkamutulutsa Kapitawo n'kumubisa m'deresi, pachifuwa, kuti amve kutentha. Ndinkatafuna mtedza wa m'nkhokwe n'kumamudyetsa kuchokera pakamwa panga. Makungwa otsatirawo ndinkawathyola pakati ndisanafike pakhola, theka n'kulimeza ndekha mpaka kukhosi kuwawa. Amayi anandiona kamodzi. Anayang'ana kumbali n'kupitiriza kusesa. Ndinkaopa kuti ndikunamiza Mulungu, koma mantha otsala ndekha ndi azakhali anali aakulu kuposa amenewo.

Tsiku lachisanu ndi chinayi linali Lamulungu. Masana tinamva odi pakhomo. Anali aJailosi, mkulu wa mpingo, amene anabwera kudzaona chifukwa chimene amayi anajombera kutchalitchi kawiri. Munthu ngati ameneyo azakhali sakanamubweza panja. AJailosi anali atagwira ukhukhi kwa mzungu wina pa Boma zaka zambiri, ndipo mphuno yawo inali isanapume pantchito. Asanakhale pansi anayamba kununkhiza.

"Kodi muno mukuphika makeke? Sinamoni ameneyu mwamutenga kuti?"

AJailosi anayang'ana uku ndi uku. Anaona kachitini pazenera, anatenga khungwa lotsala lija, n'kuluma. Azakhali anakuwa. AJailosi anatafuna bwinobwino n'kunena kuti azungu amathira zimenezi m'phala ndi m'tiyi. Kenako anaona nyenyeswa pansi pa khola, anaona mtsuko pakhomo, ndipo nkhope yawo inasintha. Sanafunse zambiri.

"Mayi Nangozo, dona amene ndinkamuphikira ankapatsa chinkhwe chake kachidutswa, mwa apo ndi apo, ndipo sichinafe. Koma tsiku ndi tsiku, ndi njala, ndi mphepo iyi? Ikanafa mbalameyi, mukanati yaphedwa ndi chiyani?"

Azakhali anangoti iwo ankangofuna kudziwa zoona. Sanapepese, tsiku limenelo ngakhale lina lililonse. Madzulo mpiringidzo unachotsedwa, ndipo m'mawa mwake amayi anasenza mtsuko wawo kupita kuchitsime. Kapitawo anachira pang'onopang'ono atayamba kudya mapira ndi maungu mokwanira. Pambuyo pake tinamva kuti abambo anali atasiya mgodi n'kuyamba kuphika m'hotela, ndipo kalata ya azakhali sinawapeze n'komwe. Makungwawo anatumiza kuti akazi awo alaweko tiyi wonunkhira.

Kwa zaka zambiri ndinkauza anzanga monyadira kuti Kapitawo ndi ine tinawapulumutsa amayi pamlandu. Nditakula, ndili ndi ana anga, ndinawafunsa amayi ngati ankaopa makungwa aja. Anaseka pang'ono. Anati iwo anawazindikira tsiku loyamba lomwe, chifukwa anali atawaonapo m'sitolo ya mmwenye pa Boma, ndipo anawauza azakhali madzulo ake ali awiri pamtondo. Azakhali anawayankha kuti woimbidwa mlandu sadzichitira umboni.

"Ndiye ndikanatani, mwanawe? Pamudzi paja mbalame inkamveka kuposa ine."

Ine ndinkaganiza kuti masiku onse aja tinkadikira kuti choonadi chidziwike. Amayi anali nacho kale, anachinena, ndipo chinakanidwa. Chimene ankadikira iwo, akupeta nyemba zopetapeta zija, chinali chakuti kambalame kanjala kapirire mphepo, kuti asawalande mwana wawo.