Buledi wa Chifuwa Chokoka Mtima

Pa tchuthi cha Disembala, chaka chimene ndinayamba sekondale, ndinkabisala m'chipinda cha Amayi kuseri kwa nyumba ya adona amene ankawagwirira ntchito ku Brooklyn, dera la azungu okhaokha. Malamulo a nthawi imeneyo sankalola ana a antchito kugona kumayadi kwa azungu. Ndikanapezeka, Amayi ntchito ikanawathera, sukulu yanganso ikanathera pomwepo. Zenera sindinkatsegula, ndipo kutsokomola ndinkatsokomolera mu pilo.

Adonawo anali mayi wachikulire wochokera ku Ireland, ndipo kuchipinda kwathu sankafikako. Koma tsiku lina m'mawa tikumwa tiyi, tinangoona chitseko chatseguka. Ndinalibe pothawira. Ndinangoti njo, kapu ili m'manja.

Anandiyang'ana, kenaka anatembenukira kwa Amayi. M'manja anali atanyamula buledi ndi mpeni.

"Wa m'dimba wandiuza kuti iwe ndi amuna ako munali ndi dzina limodzi la makolo musanakwatirane. N'zoona?"

Amayi anagwetsa nkhope. Nkhani ya mfunda umodziyi inawavutitsa kumudzi, moti achibale ena ukwatiwo sanabwereko, ati munthu sakwatira mlongo wake.

"N'zoona, dona. Koma si ife pachibale ayi, mfunda wokha."

"Mulungu ngwabwino! Dula bulediyu ndi manja ako, upake batala. Mdzukulu wanga akudwala chifuwa chokoka mtima. Kwathu, mkazi amene sanasinthe dzina pokwatiwa ndiye amachiza chifuwa chimenechi."

"Ine? Kodi kuchipatala simunapite naye?"

"Tinapita, mankhwala akumwa. Koma mayi anga akanadzuka m'manda kudzandikalipira ndikanapanda kuyesa izi."

Amayi anasamba m'manja n'kudula bulediyo. Ine ndinkangodikira kuti tsopano afunsa za ine. Mumtima ndinali nditayamba kale kutsanzikana ndi yunifolomu yanga.

Adona atalandira bulediyo anati, "Zikomo sindinena. Kwathu mankhwala otere ukathokoza amasuluka." Anafika pakhomo n'kuima. "Koma mtsikana amene sindikumuonayu azitsegula zenera. Odwala chifuwa pakhomo pano akwana."

Adona atatuluka, Amayi anakhala pabedi n'kuyamba kuseka mpaka misozi. "Eish, mwanawe! Chimene anandinyozera kwathu, kuno chandisandutsa dokotala."

Mwana uja anachira patapita milungu. Kaya anachira ndi buledi kaya ndi mankhwala a kuchipatala, ine sindidziwa. Chimene ndimakumbukira n'chakuti tsiku lomwelo ndinatsegula zenera, ndinakhala pomwepo ndi buku langa la sayansi, ndipo ndinatsokomola mokweza ngakhale kuti pakhosi panalibe kanthu.