Elwin Gokey ndi Una wa Pansi pa Chiliza

Elwin Gokey anayamba kusamala manda a m'mudzi mwathu kuno ku Vermont pa 3 Meyi 1961, ndipo anamuchotsa ntchito pa 9 Juni 1987 chifukwa cha kanyama kosadzaza n'dzanja lomwe. Ndinaphunzira naye kalasi imodzi. Anali wachibwibwi, wosatha kudziikira kumbuyo pa mlandu.

Kwathu kuno timakwirira mbewu za maluwa pamanda mu Okutobala, nthaka isanaume gwa ndi chisanu, kuti chipale chofewa chikasungunuka maluwa atuluke. Mbewuzo n'zonga anyezi, ndipo tiagologolo tamizere kumsana, timene timakhala m'mipanda yamiyala, timazifukula n'kututira ku una m'masaya mwawo.

Chaka cha 1987 chimenecho pamanda a malemu Bambo Haskell sipanamere kanthu, pomwe pakhomo pa Elwin maluwa anali psuu. Mayi Verna Haskell, mkazi wa malemuwo, anakadandaula ku komiti ya manda, imene inenso ndinalimo, kuti Elwin waba mbewu zawo. Tinapita tonse kukaona.

"Ndi a-agologolo, mayi," anatero Elwin, akuloza kabowo m'mphepete mwa chiliza.

"Gologolo wovala nsapato, eti?" anatero mayiwo. "Nanga dothi lake lili kuti? Bowo loyera chonchi waboola ndiwe ndi ndodo."

Aliyense wokulira kuno amadziwa kuti kanyamaka sikasiya dothi pakhomo pa una wake. Amuna a m'komitimo ankadziwa bwino lomwe, koma anangoti ndwii kuyang'ana zipewa zawo, poti mayiwo ndi amene anafolera tchalitchi. Ine nditayamba kuyankhula, wapampando anandiuza kuti ndisawathere nthawi.

"Chabwino, Elwin," anatero wapampandoyo. "Kumba utionetse mbewuzo, nkhani ithe."

Elwin anagwada n'kupisa kamtengo m'bowomo. Unawo unkatsikira pansi pa chiliza penipeni, pamene panagona munthu amene iye mwini anamukwirira ndi manja ake.

"Apa s-sindikumba, bwana. Pali munthu."

"Mwamva nokha," anatero Mayi Haskell. "Akuopa kuti sitipeza kanthu."

Tangoganizani: munthu kutchedwa mbava chifukwa chokana kufukula manda. Elwin anadzuka, anasasa mawondo, n'kupereka kiyi wa kanyumba ka zipangizo. Palibe mwamuna ndi mmodzi yemwe amene anamuyang'ana kumaso.

Anakalowa ntchito yocheka matabwa, ndipo anaigwira mpaka pamene anamwalira pa 14 Febuluwale 1996. Zaka zonsezo, akalowa m'sitolo ya pamudzi, amayi ena ankakokera zikwama zawo kufupi.