Siteki ya Azakhali a Teruyo

Azakhali anga a Teruyo anabadwira kumapiri a ku Hida, kumene agogo ankaweta ng'ombe zogulitsa. Ndinene msanga kuti kuweta ng'ombe si kudya nyama. Ng'ombe zinkakwera lole kupita kumsika, banja n'kutsala ndi masamba oviika mumchere. Koma malonda akayenda bwino, agogo ankabwera ndi mnofu wokulunga m'pepala, n'kuuwotcha pachiwaya ndi mchere wokha. Bambo anga amati mlongo wawoyu ankatafuna kachidutswa kake atatsinzina, ukamulankhula osayankha.

Atakula, nkhoswe inawapezera mwamuna kugombe la ku Toyama, a Masaji, mwana wa eni kanyumba kodyerako sushi, chakudya cha timibulu ta mpunga toikapo nsomba yaiwisi. Popita kukaonana, nkhosweyo inawalangiza kuti akafunsidwa chakudya chimene amakonda asakaichititse manyazi. Apongozi anafunsadi. Azakhali, amene nsomba yaiwisi anali asanailawepo, anawerama n'kuyankha kuti sushi.

Yankho limenelo anakalamba nalo. Ntchito yawo inali kutsuka mpunga m'madzi ozizira, kuukupiza amuna awo akamathira viniga, kuperekera tiyi, ndi kupukuta thabwa loyera la kauntala. Ankagona pamwamba pa malo odyerawo, choncho kukazinga kunali koletsedwa m'nyumba yonse. A Masaji ankati utsi wa mafuta ukalowa m'thabwa sutuluka, ndipo wodya nsomba amaumva. Tsiku lobadwa la azakhali likafika, ankawaumbira mbale ya nsomba zosankhika, n'kumanyadira kwa makasitomala: “Awa sanakwatiwe ndi ine ayi, anakwatiwa ndi mpunga wangawu!” Azakhali ankaseka ataphimba pakamwa, n'kumaliza mbale yonse.

Sindikufuna kuwanamizira kuti sushi ankadana nayo. Anaizolowera, ndipo nsomba yogona ankaidziwa ili patali.

Chaka chatha madokotala anawapeza ndi chotupa m'mimba. Ndine ndinawaperekeza tsiku limene anauzidwa kuti mbali yaikulu ya chifu ichotsedwa, ndiponso kuti pambuyo pake zakudya zolimba ndi zamafuta mwina sadzaziyambanso. Pobwerera pagalimoto anati:

“Chizuru, iwe siteki unadya liti?”

“Dzulo dzuloli, azakhali. Bwanji?”

“Yonona?”

“Yonona ndithu.”

“Mwana woipa iwe.” Anayang'ana kunja. “Sushi ndi mlendo waulemu. Amalowa, kupereka moni, n'kutsanzika. Nyama imavula nsapato n'kukhala pansi, mucheze.”

Ndinati tiime panjira ndiwagulire. Anakana. Anati sangayambe kudya mobisa ataimera imvi, komanso fungo lingawagwire malaya. Kuuza amuna awo nako kunali kovuta, chifukwa kukanakhala ngati kunena kuti mbale zonse zija ankangodya mwaulemu.

Tinafika masana, malo asanatsegulidwe. A Masaji ankanola mpeni, ndipo a Dobashi, msodzi wopuma ntchito amene amabwera nthawi iliyonse imene wafuna, anali pampando wawo wapakona. A Masaji atamva za opaleshoni anapukuta manja nthawi yaitali. Kenako anati, mokweza kuposa mmene zinkafunikira:

“Ndiye Lamlungu titseka. Dobashi, uza ana ako andisungire nsomba yabwino koposa. Mayi adye zimene amakonda asanagone m'chipatala.”

“Ndiwauza,” anatero a Dobashi. “Koma iwe nkhalamba, unawafunsapo eni akewo?”

“Ndiwafunse chiyani? Tauni yonse ikudziwa.”

Azakhali anali atavala kale epuloni. Anaika kapu ya tiyi patsogolo pa a Dobashi, n'kulankhula kwa amuna awo akuyang'ana pansi.

“Bambo, pepani. Ine ndikufuna nyama.”

“Nyama ya nsomba yanji?”

“Ya ng'ombe. Siteki. Yokhuthala.”

A Dobashi anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya mnzawoyo anameza chiseko ndi tiyi.

“Chiyambire liti?” anafunsa a Masaji.

“Chibadwire.”

“Nanga zija munauza mayi anga?”

“Inali nkhoswe.”

A Masaji anaika mpeni m'chimake n'kukwera pamwamba. Tsikulo sanatsegule. Mawa lake anagwira ntchito osalankhula ndi munthu, ndipo azakhali anandiimbira kuti bola akanapanda kuwauza, sushi si poizoni.

Lamlungu anandiitana. Ndinapeza a Masaji atabwereka chiwaya kwa aneba, atachiika pa kachitofu kagasi pamwamba pa kauntala penipeni, pathabwa lija. Pambali panali mnofu wa ng'ombe ya ku Hida, ndi a Dobashi amene anabwera osaitanidwa. Mpeni wa nsomba a Masaji sanafune kuudetsa, choncho anagwira wa masamba, n'kuupendeka kuti acheke nyamayo mopyapyala monga anazolowerera.

“Musaidule!” anakuwa azakhali. Ine ndinali ndisanawamvepo akukuwa.

A Masaji anaiponya yathunthu m'chiwaya chisanatenthe, n'kuitembenuza msangamsanga, n'kufuna kuiphula.

“Imeneyo ikadali kulira, Masaji,” anatero a Dobashi. “Ukufuna ikadye udzu m'mimba mwa odwala?”

“Khala chete, mlendo wosaitanidwa.”

“Tapatukani, bambo,” anatero azakhali. “Izi simuzidziwa.”

Anapatukadi. Azakhali anakweza moto, n'kuwaza mchere, n'kudikira. Mafuta anayamba kuthetheka, utsi unakwera kudenga n'kudzaza kanyumba konse. Ndinathamangira kuti nditsegule chitseko, koma a Masaji anati ndichisiye, kunja kukuzizira, mayi angadwale chimfine. Madontho a mafuta anagwera pathabwa. A Masaji anawaona, sanatenge nsalu.

Azakhali anakhala pampando wa makasitomala. Kwathu mkazi wa msinkhu wawo sayamba kudya asanagawire mwamuna, koma iwo sanagawire aliyense. Anadya pang'onopang'ono, mafuta akuyenderera pachibwano, mpaka mbale inayera. A Masaji anaimirira kuseri kwa kauntala, manja kumbuyo, monga amaimira mlendo akamalawa nsomba yoyamba.

“Yakoma?” anafunsa.

“Mchere wachepa,” anayankha azakhali. “Yatsala ina?”

A Masaji anavula epuloni, n'kundifunsa ngati kubutchala kuja amatsegula Lamlungu masana.