Njerwa za a Levulo

Dzina lakuti Levulo, la kachipangizo koyezera kuwongoka kwa khoma, anawapatsa ndi amisiri anzawo, chifukwa khoma likangopendama pang'ono ankaligwetsa n'kuyambiranso. Holo ya m'tauni muja anamanga ndi iwowa, tauniyo idakali ndi sitolo ziwiri ndi chigayo chimodzi. Amuna ankaumba njerwa, akazi kutunga madzi, iwo n'kumamanga. Misonkhano, milandu, maukwati, zonse zinkachitikira mmenemo.

Anthu atachuluka, akhonsolo anaigawa holoyo ndi matabwa kuti akhale maofesi. A Levulo anangokukuta mano. Kenaka khonsolo inamanga nyumba yosanja yamagalasi pafupi pomwepo, holo ija n'kusanduka mosungira mipando yothyoka. Pakhonde pokha ndi pomwe panatsalira amayi a sikelo ya ana. Chaka chatha chigalimoto chogumula chinafika, ati mabwana akusowa poimika magalimoto. Holo itagwa, amayi a sikelo aja anasamukira pansi pa mtengo.

Apa ndiye mtima unawira. Anavala jekete, ulendo wa kukhonsolo. Pageti anapeza mlonda, mwana wa mchemwali wawo.

"Amalume, muli ndi kalata yokuitanani?"

"Iwe! Mayi ako anasenza madzi a holo ija uli m'mimba, lero ukundifunsa kalata?"

"Ndi lamulo, amalume. Andichotsa ntchito."

Anadikira panja mpaka masana. Kabwana kena katatuluka, kanamva theka la nkhani n'kuwadula pakamwa. "Madala, chitukuko n'chomwecho. Zakale zimapita."

"Nanga makanda mwawataya pansi pa mtengo aja, nawonso ndi zakale?"

Kanali katalowa kale m'galimoto.

M'mawa mwake a Levulo anatenga wilibala n'kuyamba kututa njerwa zogumulidwazo. Msana unkakana, koma ukali unkawakankha. Pakutha pa masabata atatu, pansi pa mtengo paja panali kashedi kofoleredwa, amayi ndi anamwino akuthawiramo dzuwa.

Mwezi sunathe. Akhonsolo anadzalemba pakhoma ndi penti yofiira: GUMULANI. Mesenjala anabweretsanso kalata yowaimba mlandu woba katundu wa khonsolo.

A Levulo anaing'amba pamaso pake pomwepo. "Ukawauze kuti wakuba njerwa zake zomwe ali pano. Abwere eni ake ndi nyundo, asatume munthu!"

Amayi anafika tsiku logumulalo ambirimbiri, ana kumsana, n'kukhala pansi kuzungulira shediyo. Ogumula anabwera kamodzi, anayang'ana, n'kubwerera. Mlandu uja sunamvekenso. Koma mpaka lero a Levulo akamadutsa pamene paimikidwa magalimoto a mabwanawo amalavula pansi, ndipo mlonda mwana wa mchemwali wawo uja samuyankha moni.