Thobwa la achemwali anga

Mwana wanga wamkazi atabwera kuchokera ku India ndi impso ya mchimwene wake m'thupi, anatikhazika pakhonde n'kutiuza zimene madokotala anamuuza. Akuti thupi silifuna mlendo. Likazindikira kuti impsoyo si yake limayamba kuimenya, ndiye mankhwala amene amamwa m'mawa ndi madzulo ndi ogonetsa asilikali a m'thupi. Koma asilikaliwo akagona, chimfine chimene ine ndimapita nacho kumunda, iye chikhoza kumutenga.

Ndinamva ndithu. Madzi ndinkamuwiritsira, kapu yake ndinkaisunga payokha, nkhuku ndinkazipirikitsa pakhonde. Anthu a kwathu kuno kwa Nsamala akabwera kudzamuzonda ndinkawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, iye n'kumawayankha ali pakhomo.

Tsiku lina anatulukira achemwali anga aakulu a kwa Kalembo, atasenza chigubu cha thobwa. Ndinawamva kutsokomola asanafike n'komwe pabwalo, chifuwa chija chochokera pansi.

"Ali kuti mwana wanga? Iwe, ukundiyalira kutali kuno ngati ndabwera kudzagula mbuzi?"

"Achemwali, adokotala anati..."

"Adokotalawo ndi amene anamubereka kumbuyo? Tenga kapu."

Anathira thobwa lija. Kwathu kuno wobweretsa chakumwa amayamba walawa yekha, kuti onse aone kuti mulibe choipa. Ndiye anamwako kawiri, n'kupukuta pakamwa ndi chitenje, n'kumupatsira mwana kapu yomweyo. Mwana anandiyang'ana. Pamphasa panali anthu. Ndikanati iyayi, ndiye kuti ndawatchula achemwali anga kuti ndi mfiti. Ine maso pansi. Anamwa.

Tsiku lachitatu ndinamupeza atafunda bulangeti dzuwa lili pamutu, mano akugundana. Kumugwira pachipumi, moto! Mchimwene wake anathamangira njinga yamoto, tinakafika pamsewu, n'kukwera minibasi ya ku Blantyre. Njira yonse anatsamira paphewa langa, mpweya ukulira m'chifuwa ngati wina akupala poto. Ine ndinkangoti Mulungu, ndikanayankhula.

Kuchipatala anesi anafunsa ngati anakhala pafupi ndi munthu wodwala. Mwana anati sakudziwa, kundibisa ine. Ndinaulula ndekha, za kapu ndi zonse.

Adokotala anati ndi chibayo. Anati kuti thupi lilimbane nacho ayenera kuchepetsako mankhwala aja, asilikali adzuke pang'ono, koma akadzuka kwambiri akaipeza impso. Mchimwene wake anatsamira khoma, dzanja lili pachipsera chake.

"Amayi," anatero, "ine ina yopereka ndilibetu."

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Tinakhalako masabata awiri. Anatuluka atawonda, akuyenda ngati nkhalamba kuposa ine. Impso ikugwirabe ntchito, koma akuti inavulalako, ndipo mwezi uliwonse amakamutenga magazi kuti aone ngati thupi layamba kuikana. Tsiku limenelo ine sindidya mpaka abwere.

Mwezi wathawu achemwali anatumiza mawu kuti akubwera kudzamuona. Ndinabweza mawu akuti ayambe apita kuchipatala ndi chifuwa chawocho, ndipo akadzafika adzakhala pansi pa mango ngati wina aliyense. Ndamva kuti akuuza anthu kwa Kalembo kuti mng'ono wawo wawaona ufiti. Anene. Ine mwana wanga pakali pano akusesa pabwalo, ndipo ndikumvetsera mmene akupumira.